A Taipi Salola Chiganizo Chabodza

Mwana wanga anakhala kundende zaka zitatu ine osapondako phazi. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa kuhotela kumene ndimasita zovala palibe amene ndinamuuza. Aliyense wofunsa ndinkamuyankha kuti mwanayo ali kunja, akuyendetsa galimoto zikuluzikulu za katundu, ndipo ndinkayankha mokweza mawu kuti enawo amve, asadzandifunsenso. Zoona zake n'zakuti anagunda munthu ndi minibasi n'kuthawa, n'kudzabisala m'siling'i ya nyumba yanga. Tsiku lachinayi ndinamva kuti wogundidwa uja wamwalira. Ndinavala nsapato, ine mayi wake, n'kupita ndekha kupolisi kukawalozera.

Kalata yake yoyamba inali ndi mzere umodzi wokha: "Ndamva kuti ndinu munawauza." Zinabweranso zina zitatu, koma sindinazitsegule. Kenako zinasiya kubwera. Ndinkaopa kuti ndikapita adzandiyang'ana n'kutembenuka, ndipo ndinkaona kuti kuli bwino kusapita kusiyana n'kukaona nkhongo ya mwana wanga.

Amene anandichotsa m'mantha amenewa si m'busa, si m'bale ayi. Ndi a Taipi.

A Taipi ndi mayi wamfupi, woonda, wa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Analowa ntchito pahotelapo ali mtsikana, atangomaliza kosi yotaipa, ndipo anakhala mu ofesi ya bwana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mabwana asanu anabwera n'kupita, iwo ali pampando womwewo. Sanakwatiwe. Mchemwali wawo atamwalira anatenga ana atatu amasiye n'kuwalera mpaka onse anapeza mabanja, ndiye ukawafunsa za ukwati amangoti, "Ndachititsa kale maukwati atatu, chatsala n'chiyani?"

Makompyuta atafika, bwana watsopano anabweretsa atsikana awiri a zikhadabo zazitali, a Taipi n'kuwatsitsira kuchipinda chapansi chosungiramo nsalu. Ntchito yawo inakhala kupereka mashiti ndi matawulo, kusunga makiyi, ndi kugawa makalata a ife antchito. Tonse tinkati asiya ntchito chifukwa cha manyazi. Iwo anangopempha makina awo akale otaipira, amene anali atatayidwa kale kuseri kwa galaja. Anawapukuta, anawathira mafuta, n'kuwaika patebulo pakati pa mashelefu. Ukamadutsa pakhonde lapansi umamva kugogoda kwawo, ndipo ngakhale akhale pabenchi opanda makina, zala zawo zimasewerabe pabondo.

Chaka china bwana analengeza kuti wantchito amene satha kuyankhula ndi alendo m'Chingelezi asayembekeze kukhalitsa. Ambiri a ife sukulu tinailekera panjira. Ine ndinalekera sitandade sikisi, ndipo Chingelezi changa chinkathera pa moni. Sabata yomweyo a Taipi analowetsa mabenchi awiri m'chipinda chawo, anapachika kabolodi pa msomali wa makiyi, n'kunena kuti Lolemba ndi Lachitatu, nthawi ya nkhomaliro, aliyense wofuna abwere. Sanapemphe kanthu. Tinkakhala anthu asanu ndi awiri, mbale zili pamiyendo, fungo la sopo lili thoo, mapaipi a madzi otentha akulira pamwamba pa mitu yathu. Amene ndinkakhala nawo benchi imodzi anali a Supu, wophika wamkulu wa mimba yake ndi pakamwa pake, ndi a Geti, alonda a masana, munthu wofatsa ngati nkhosa.

Miyezi iwiri yoyamba inayenda bwino. Mavuto anayamba titafika pa kanenedwe ka zam'tsogolo.

"Eni ake chinenerochi sanena za mawa mwanjira imodzi," anatero a Taipi, akulemba pabolodi. "Pali njira ya zimene wangoganiza pompano, iyi ya will. Pali ya zimene unatsimikiza kale mumtima, iyi ya going to. Ndiye pali ina yachitatu, imene imamveka ngati chinthucho chayamba kale kuchitika. Imeneyo ndi ya zimene unakonzeratu, tsiku lilipo, nthawi ilipo. Mwamva?"

"Ife kwathu timangoti tidzaona," anatero a Supu.

"N'chifukwa chake simuona kanthu."

Kenako anatiuza lamulo lawo. Lachitatu lililonse aliyense aziimirira n'kunena chiganizo chimodzi cha zimene adzachite. Iwo azichitaipa papepala. Lolemba munthu yemweyo aziimiriranso, n'kutembenuza chiganizo chake chomwe chija kuti chikhale cha zakale: ndinachita, kapena sindinachite. Motero phunziro limodzi lizibala linzake. Koma chiganizocho chizikhala choona. Zoti ndidzagula ndege, ndidzakhala bwana, ankazikana.

"Koma mayi, si kuphunzira chabe?" anafunsa a Geti. "Chiganizo ndi chiganizo."

A Taipi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kona ya tawulo. "Bambo, ine ndataipa mawa wabodza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. 'Nkhani yanu tidzaiganizira.' 'Malo akapezeka tidzakuitanani.' Bwana akunena uku akuyang'ana nyuzi, ine ndikugogoda. Munthu ankatenga kalata ija ndi manja awiri, n'kukaisunga m'Baibulo. Wina anabwera pageti miyezi isanu ndi itatu, atavala tayi, kudzafunsa ngati malo apezeka. Zala izi zinanama mokwanira. M'chipinda muno sizitaipanso bodza."

Ine ndinayang'ana m'mbale yanga, chifukwa pa anthu onse amene analipo, wabodza wamkulu ndinali ine.

Poyamba tinkafuna kuwazemba. Lachitatu loyamba mtsikana wina woyala mabedi anaimirira n'kunena m'Chingelezi chokoma kuti madzulo adzagona.

"Zimenezo ngakhale mbuzi idzachita," anatero a Taipi. "Khalani pansi muganize china."

A Supu ananena modzitama kuti asiya fodya. Lolemba anaimirira, fungo la fodya lili patsogolo iwo pambuyo, n'kunena kuti sanasiye. A Taipi anawakonza mneni, n'kuwauza kuti chiganizocho chakhoza. Sankakalipira munthu chifukwa cholephera, ayi. Chimene ankakana n'kubisa. A Supu ananena chiganizo chomwecho masabata asanu otsatizana, ife tikuseka chikhakhali Lolemba lililonse, mpaka iwo eni anatopa nacho n'kusintha: anati azisuta ndudu zitatu patsiku. Chimenecho anachikwanitsa, ndipo anatitopetsa nacho mwezi wonse.

A Geti ananena kuti akonza chitseko cha kunyumba kwawo, chimene chinakhala chikutsekedwa ndi mwala zaka ziwiri. Poopa kudzaimirira pamaso pathu n'kunena kuti sanakonze, anakonzadi. Akazi awo anabwera pahotela kudzathokoza, n'kufunsa mwakachetechete ngati sabata yamawa a Taipi angawafunseko za denga.

Ine ndinkasankha zazing'ono. Ndidzachapa makatani, ndidzakaona mnzanga kuchipatala. Ndinkachita, n'kudzanena monyadira, ndipo Chingelezi changa chinkakula. Ndinali wochenjera m'kalasi imeneyo, sindibisa, ndipo kuchenjerako n'kumene kunandigwetsa.

Lachitatu lina a Taipi anati tonse tigwiritse njira yachitatu ija, ya tsiku ndi nthawi, ndipo chiganizo chikhale chokhudza munthu wa m'banja. Nthawi yanga itakwana ndinali ndisanaganize kanthu. Ndinaimirira pang'onopang'ono.

"Mayi Simbi savutika awa," anatero a Supu. Simbi ndi ine, chifukwa cha ntchito yanga. "Ali ndi mwana kunja. Koma mwana wake wotani wosatumiza ngakhale chithunzi? Kapena anakuiwalani, wapeza amayi ena kumeneko?"

Anthu anaseka. Sanali kunena mwankhanza, ndi mmene alili a Supu, koma ine zinandiwawa. Ndinayang'ana pabolodi, ndinayang'ana a Supu, ndipo mawu anatuluka okha, m'Chingelezi choongoka chopanda pokonza: Loweruka lino ndikukaona mwana wanga.

M'chipindamo munali phokoso. Wina anafunsa ngati ndikwera ndege. Ndinati ayi, wabwera ndi galimoto yake m'tauni ina yapafupi, ali ndi tsiku limodzi lokha. Bodza linkabala linzake ine ndili chiimire. A Taipi sanaseke ndipo sanaombe m'manja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, zala zili pamakina osagogoda. Kenako anataipa, pang'onopang'ono.

Belu litalira anzanga anatuluka. Ine ndinatsalira dala, ndikunamizira kusankha matawulo.

"A Taipi, chiganizo changa chija chifufuteni. Ndinangonena."

"Makina awa safufuta."

"Ndiye ng'ambani pepalalo."

Anatseka chitseko. "Mayi, makalata a antchito amadutsa m'manja mwanga. Zaka zitatu zapitazo munalandira anayi. Simunadabwe kuti enawo ndimawapatsa pamanja, koma anu ndinkawapinda m'kati mwa tawulo?"

Ndinkaganiza kuti zinkangochitika mwangozi. Envulopu iliyonse inali ndi chidindo cha kundende, chachikulu, chofiira, ndipo mayi ameneyu anachiona kanayi konse n'kukhala chete zaka zitatu, uku ine ndikudzitama za mwana wakunja pamaso pake pomwe.

"Ndiye mwakhala mukundiseka nthawi yonseyi."

"Ndikanakusekani mukanamva kwa a Supu tsiku lomwelo."

"Simukudziwa kanthu inu! Ndine ndinakamuneneza. Ine mayi wake. Ndipite kukatani? Akandilavulire?"

"Mwina adzakulavulirani," anatero, osapsatira. "Sindikudziwa, ndipo sindingakuuzeni kuti zidzakhala bwino, chifukwa zimenezo ndinasiya kulonjeza. Sindikukakamizaninso. Lolemba mukhoza kuimirira n'kunena kuti sindinapite, ngati mmene amachitira a Supu ndi fodya wawo. Palibe adzafunse chifukwa. Koma ine ndamva mabodza ambiri, mayi, ndimawadziwa kayendedwe. Wonama amati tsiku lina. Inu munati Loweruka."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Madzulo amenewo ndinawotcha kolala ya malaya a mlendo, chinthu chimene sindinachitepo chiyambire ntchito. Lachinayi ndinadutsa pakhonde lawo kawiri osawapatsa moni. Mumtima ndinkawatukwana: nkhalamba yosakwatiwa, yosabereka, idziwa chiyani za mwana? Lero ndikamakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi, chifukwa mayi amene uja analera ana atatu a mchemwali wake pamene ine ndinalephera kuyendera mmodzi wanga yemwe.

Lachisanu masana a Taipi analowa kochapira, nthunzi n'kuphimba magalasi awo. Anaika pepala lopinda pamwamba pa mulu wa mashiti n'kutuluka. Ndinalisiya pomwepo ola lathunthu, kenako ndinalitsegula. Linali lotaipa bwinobwino. Basi yoti ndikwere ndi pokwerera pake. Potsikira, ndi kuti kuchokera pamenepo ndi ulendo wapansi wa mphindi makumi awiri. Nthawi yoonera akaidi. Zololedwa kulowa nazo: sopo, mafuta odzola a m'chubu, buledi, shuga wa m'pepala. Zosaloledwa: botolo, lumo, singano. Pansi pake analemba kuti ntchito yanga ya Loweruka asinthanitsa kale ndi mtsikana woyala mabedi uja, amene anamuuza kuti ndili ndi ulendo wa m'banja, zomwe sizinali zabodza.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti anaimba foni kundendeko katatu, ndi mawu awo a mu ofesi aja, mpaka woyankha anayamba kuwatchula kuti madamu. Anafunsanso ngati mwanayo akadali komweko, poopa kuti ndingayende ulendo wachabe.

Loweruka ndinadzuka ndisanatsimikize. Ndinagula sopo ndikudziuza kuti ngakhale kunyumba afunika. Ndinagula buledi ndikudziuza zomwezo. Nditafika pokwerera basi ndinawapeza a Taipi atakhala pabenchi, atavala suti yawo yakale ya mu ofesi, ya mapewa otukuka, ambulera ali pamiyendo.

"Mukupita kuti?" ndinafunsa mwaukali.

"Ine Loweruka sindigwira ntchito. Ndimayenda kumene ndafuna."

"Ndikanapanda kubwera?"

"Ndikanakhala pano mpaka basi yachitatu, n'kubwerera kwathu kukachapa."

M'basi sanandilalikire. Anandipatsa mpando wa kuwindo, n'kumayankhula za mitengo ya nsalu ndi za mdzukulu wawo amene wayamba kumera mano. Titatsika, tinayamba ulendo wapansi uja. Pakati pa njira ndinaima n'kunena kuti ndikubwerera. Iwo anaimanso, anatsegula ambulera n'kundiphimba dzuwa, osandigwira dzanja. Tinaima choncho m'mbali mwa msewu ngati anthu odikira wina. Galimoto zinkadutsa. Ndinalira pang'ono, ndinamina, kenako ndinanyamula thumba langa n'kupitiriza.

Pageti la ndende panali mzere wa amayi, ambiri a msinkhu wanga. Ena ankapatsana moni ngati anthu okumana sabata iliyonse, ndipo ndinachita nawo nsanje. Msilikali analemba dzina langa ndi la mwana wanga, anaboola buledi ndi waya, ananunkhiza shuga. Atafunsa a Taipi kuti iwo abwera kwa ndani, anayankha kuti abwera ndi ine basi.

"Tiyeni tilowe," ndinawauza. Tsopano ndinali ine wowapempha.

"Ayi, ine ndathera pano. Mwana ndi wanu." Anakhala pabenchi ya pansi pa mtengo n'kuika chikwama pamiyendo. "Mundipeza pompano, kaya mutuluka msanga kaya mochedwa."

Sindinawathokoze tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinapeze mawu okwanira, m'Chichewa kapena m'Chingelezi chawocho. Ndagwira ntchito ndi anthu ambiri okoma pakamwa. Munthu wouma ngati a Taipi, amene sangakuuze n'komwe kuti usadandaule, koma n'kukuperekeza mpaka pakhomo la chimene ukuopa, ndaonapo mmodzi yekha.

M'kati munali chipinda chachitali chogawidwa pakati ndi waya wa maso ang'onoang'ono. Ife mbali ino, iwo mbali inayo. Msilikali ankaima pakhomo lam'kati n'kumafuula mayina. Akaidi ankalowa mmodzimmodzi, akusuzumira kufuna nkhope za abale awo, ndipo posakhalitsa chipinda chonse chinali phokoso, aliyense akukuwa kuti amvane ndi wake. Dzina la mwana wanga linaitanidwa. Sanabwere. Mayi amene anali kumanja kwanga anayankhula ndi mwamuna wake, anatsanzikana, n'kutuluka. Wina anatenga malo ake. Ine ndili chiimire, thumba lili m'manja, ndikudziuza kuti ndi zimenezi, wamva kuti ndi ine ndipo wakana.

Ndinali nditatembenuka kale pamene msilikali anafuulanso dzina lija, mokalipa.

Analowa mwamuna wometa mpala, woonda, yunifolomu ikumulendewera m'mapewa. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe, chifukwa kuyambira ali mwana amaponda kwambiri ndi mwendo wakumanzere. Sanasuzumire ngati anzake aja. Anaima pakhomo n'kumayang'ana msilikali, mpaka msilikaliyo anamulozera kumene ndinali.

Anafika pawaya. Tinayang'anana. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi muja, oti pepa, oti sindikanachitira mwina, koma onse anathawa.

"Amayi."

"Ndine."

"Mwaonda."

"Iwenso." Ndinakweza thumba lija ngati chitsiru. "Ndabweretsa sopo. Ndi buledi, koma amuboola."

Sanayang'ane thumbalo.

"Ndimaganiza kuti wakana kutuluka," ndinatero. "Anakuitana koyamba, sunabwere."

"Ndinamva," anatero. "Chaka choyamba ndinkadana nanu, amayi, sindinama. Chachiwiri ndinkasamba m'mawa Loweruka lililonse n'kukhala pafupi ndi khomo. Chachitatu ndinasiya." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Lero atatchula dzina langa ndinangokhala. Ndimati alakwitsa. Ine kuno sindiitanidwa."

Thumba linagwa pansi. Ndinalowetsa zala zanga m'maso a waya muja mpaka pamene zinathera, ndipo iye anazigwira.